Kodi Khomo la Nyumba ya Zakale Litsekukire Aliyense?

Chaka chatha, chimanga chitalowa m'nkhokwe ndipo mwera utayamba kuwomba m'chigwa chathu cha Bwanje, padabuka mtsutso pakhonde la amayi anga umene, ngakhale udayamba ngati kankhani ka ana a sukulu, wandisowetsa tulo masiku ambiri, kufikira ndaona kuti nkwabwino ndiulembe kuti ena andithandize kuusenza, pakuti mutu umodzi susenza denga. Otsutsanawo adali awiri, onse anthu amene ndimawapatsa ulemu. Woyamba adali mlamu wanga, Mngoni wa kumtunda amene adakwatira mlongo wanga, mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kuno kwathu ndiponso mkulu wa mpingo. Wachiwiri adali malume anga, mkulu wa mzinda, amene imvi zidawapeza akusunga mwambo wa Gule Wamkulu.

Mlamu wangayo adafuna kutenga ana a Sitandade 7 kupita nawo ku Mua kuti akaone nyumba yosungiramo zinthu zakale. Pakati pa anawo padali mnyamata wina wosaona, wanzeru ndi wokonda kufunsa, amene adasiya kupenya ali wamng'ono. Aphunzitsiwo, polingalira za mwanayu, adati akafika kumeneko akapempha kuti aloledwe kukhudza ndi manja zimene anzake adzaone ndi maso, ngakhale nkhope za zilombo za Gule. Malume atamva mawu amenewa adaika pansi chikho chawo cha thobwa, ndipo mtsutso udayambira pamenepo.

Kwa amene sadafikeko, Mua sali kutali ndi ife. Munthu akakwera minibasi m'mawa pa msewu wa ku Salima, nadutsa pa Kasinje ndi pa Golomoti, amafika dzuwa lisanakwere. Mishoni ya Mua idakhazikitsidwa ndi ansembe a White Fathers m'chaka cha 1902, patsinde pa mapiri a Dedza, ndipo m'chaka cha 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada amene Achewa adampatsa mfunda wa Chisale, adayambitsapo malo a luso ndi chikhalidwe otchedwa KuNgoni. Pamalopo pali nyumba ya Chamare, yotchedwa dzina limene anthu a kumeneko adapatsa wansembe wina wakale, Bambo Champmartin, ndipo m'menemo muli mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, mitundu itatu yomweyo imene idasakanizana magazi m'chigwa chathu chino. M'chipinda chimodzi muli nkhope za Gule zoposa 400. Ku Mua komweko kudali kale mudzi wa odwala khate, ndipo lero kuli sukulu ya ana osamva, kotero kuti Mua ndi malo amene adazolowera kulandira anthu amene midzi idawakankhira kumbali.

Mlamu wanga, pokhala mkamwini, sadakweze mawu. Adakhala pa mpando waufupi, nayamba ndi funso: kodi zimene zasungidwa m'nyumba zoterezi nza yani? Ngati zili za alendo ochokera kutsidya kwa nyanja, iye adati, palibe mlandu, alendowo aziona nabwerera kwawo. Koma ngati chishango, mtondo, mkanda, ng'oma ndi nkhope zimenezo zili chuma chosiyidwa ndi makolo athu, pamenepo mwini wake ndi mdzukulu aliyense wa makolowo, wopenya ndi wosapenya yemwe, pakuti pogawa chuma cha masiye palibe nkhoswe yolungama imene imadumpha mwana chifukwa mwendo wake ndi wopuwala. Adakumbutsa malume kuti kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa Amalawi a zaka zisanu ndi kupitirira apo, anthu 10 pa 100 alionse ali ndi ulumali wa mtundu wina, ndiye kuti anthu oposa 1.5 miliyoni, khamu loposa kawiri anthu onse a boma la Ntcheu. Adanenanso kuti dziko lathu lidavomereza m'chaka cha 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, limene ndime yake ya 30 imanena za ufulu wotenga nawo mbali m'zachikhalidwe ndi kufika m'malo osungiramo zakale, ndi kuti m'chaka cha 2012 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loteteza anthu aulumali. Tidalonjeza pamaso pa mitundu ya anthu, iye adati, ndipo lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane.

Koma zimene zidandikhudza mtima kwambiri m'mawu a aphunzitsiwo sizidali ziwerengero kapena malamulo, zidali m'mene adafotokozera zitseko zimene munthu wa ku Bwanje amazipeza zotseka asanafike nkomwe pa chitseko chenicheni. Chitseko choyamba ndi ndalama ya ulendo. Nyumba yaikulu ya zakale ya dziko lathu ili ku Chichiri mu Blantyre, kumene idatsekulidwa m'chaka cha 1966. Ina ili ku Mangochi, ina ku Mzuzu, ndipo ya ku Karonga, imene imaonetsa mafupa a chinyama chakalekale chotchedwa Malawisaurus, idatsekulidwa m'chaka cha 2004. Mlimi amene amawerenga zitini za chimanga kuti aone ngati zidzamufikitsa mu Febuluwale sangagulitse thumba kuti mwana wake akaone mafupa ku Karonga, ndipo ngati mwanayo amayendera njinga ya olumala, kondakitala amalipiritsa malo a njingayo ngati munthu wachiwiri, kapena amangoimika dzanja kuti galimoto yadzaza. Chitseko chachiwiri ndi chinenero, pakuti zolembedwa zambiri za m'nyumba zoterezi zili m'Chingerezi, kotero kuti gogo amene adapeta ndi lichero moyo wake wonse amaima patsogolo pa lichero lomwelo ngati mlendo, osatha kuwerenga zimene ena alemba za iye. Chitseko chachitatu ndi thupi la munthu: makwerero kwa wolumala miyendo, galasi kwa wosaona, ndi wofotokozera wosadziwa chinenero chamanja kwa wosamva.

Pamenepo adafika pa mwana uja. Iye adati: "Malume, mwana ameneyu maso ake ali m'zala. Mukamuika patsogolo pa galasi n'kumuuza kuti taona, mwamuyendetsa ulendo wonsewo kuti akakhudze galasi, limene ngakhale pazenera la kalasi lilipo." Adasimba kuti m'maiko ena adaganizapo kale za chimenechi, kotero kuti mu mzinda wa Madrid muli nyumba ya zakale imene bungwe la osaona lidatsekula m'chaka cha 1992, momwe zinthu zidaikidwa dala kuti zikhudzidwe, ndi kuti m'chaka cha 2022 akuluakulu oyang'anira nyumba zotere pa dziko lonse, atasonkhana ku Prague, adagwirizana kuti nyumba ya zakale iyenera kukhala yofikirika ndi yosapatula munthu. Ndipo pokhala munthu wa Buku, adakumbutsa za Mefiboseti, mwana wa Yonatani, wopunduka mapazi onse awiri, amene mfumu Davide adamfunafuna ku Lodebara namkhazika pa gome lake masiku onse, osati chifukwa adapempha, koma chifukwa malowo adali ake mwa pangano la atate wake. Adamaliza ndi mwambi umene palibe wamkulu angautsutse, wakuti lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza, natanthauza kuti khomo limene tikana kulikulitsa lero tidzalipeza lopapatiza ife tomwe pamene ng'ala yaphimba maso athu ndi nyamakazi yamanga mawondo.

Malume adamvetsera zonsezi osadula mawu, monga achitira akuluakulu pabwalo la milandu, ndipo atatha aphunzitsi adayamba ndi kuvomera. Za makwerero, za chinenero ndi za ndalama, iwo adati, palibe chotsutsa. Amene amamangira nyumba ya mtundu wonse khomo lokana wolumala ali ngati munthu wokumba chitsime pamwamba pa chulu. Koma adati aphunzitsi asakaniza zinthu ziwiri zosiyana, monga mwana amasakaniza mapira ndi mchewere chifukwa zonse zili ndi ngala. Pali chitseko chimene chidatsekedwa chifukwa cha kusalabadira, ndipo pali china chimene makolo adachitseka dala, akudziwa chimene akuchita.

"Aphunzitsi," iwo adatero, "mwanayo sindikumukaniza chifukwa saona. Ngakhale inu amene mupenya ndi maso awiri, ndi magalasi pamwamba pake, sindingakuloleni kugwira chilombo, pakuti simudagule njira. Mwana wa mfumu wosameta sagwira, mkazi wanga amene ndakhala naye zaka makumi asanu sagwira. Tsankho lili pati pamene lamulo ndi limodzi kwa onse?"

Atatero adafotokoza, monga momwe munthu wosameta angaloledwe kumva, kuti Gule si chosema chopachika pakhoma. Chadzunda akatuluka ndi ukalamba wake, Maliya akamayenda mwaulemu, Kasiyamaliro akafika usiku kudzaperekeza mzimu wa womwalira, chimene chili pabwalo ndi makolo amene abwera kudzacheza ndi ana awo, kudzalanga, kudzaseketsa ndi kudzatonthoza, ndipo mphamvu ya kudza kwawo yagona pa mantha aulemu amene mudzi uli nawo. Mukachotsa manthawo, iwo adati, mwatsala ndi mtengo, nthenga ndi nsanza, monga mukachotsa pemphero pa mgonero mwatsala ndi mkate. Adati zilombo zina zazikulu zikatha ntchito yake zimabwerera kumene zidachokera osaonekanso, ndipo ndi m'mene ziyenera kukhalira, pakuti sizidapangidwe kuti zikhalitse ngati mpando wa m'nyumba. Ndipo popeza mlamu wanga adatsegula Buku, malume, amene ali mwana adaphunzirako sukulu ya mishoni asanaitaye, adalitsegula nawonso. Adati m'buku lomwelo la Samueli muli Uza, amene adatambasula dzanja kuti agwire likasa pamene ng'ombe zidapunthwa, ndi mtima wabwino ndithu, koma adafera pomwepo. Ngati Aisraeli adali ndi chinthu chosagwidwa ndi dzanja wamba, ndipo inu mumawerenga zimenezo m'kachisi mopanda kuseka, bwanji Mchewa akakhala nacho chake mukuti ndi kuumira?

Adaonjeza kuti asanabwere azungu ndi nyumba zawo zamagalasi, ife tidali nayo kale nyumba ya zakale yopanda chitseko ndi yopanda tikiti, ndiyo bwalo. Pabwalo pamafika aliyense: amayi ndiwo amayimba ndi kuwomba m'manja, ana amakhala patsogolo, wosaona amamva mbalule ikuyankhulana ndi mapazi a chilombo ndipo amadziwa amene walowa asanauzidwe, wosamva amaona fumbi ndi kumva kugunda kwa ng'oma m'chifuwa mwake. Chobisika ndi cha kudambwe chokha, ndipo ngakhale chimenecho sichibisidwa kwamuyaya, chimadikira msinkhu ndi mwambo, monga mwana wa Sitandade 1 sapatsidwa mayeso a Fomu 4. Za kumzinda saulula, iwo adatero, ndipo amene adanena mawuwa sadali anthu ankhanza.

Kenaka adatchula chinthu chimene ine ndidachiona ndi maso anga, ndipo sindikadatha kuwatsutsa. M'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 a zojambula za pamiyala, zofiira zimene amati zidasiyidwa ndi Akafula, ndi zoyera za makolo athu Achewa, zina za Nyau, zina za chinamwali cha atsikana. Bungwe la UNESCO lidaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006, patangopita chaka chimodzi lilemekezere Gule Wamkulu mu 2005. Zojambulazo zidakhala zaka mazanamazana zosaonongeka pamene anthu ankaopa kufika m'mapangamo popanda chifukwa. Koma pitani pa Chentcherere, pamene njira ili pafupi ndipo aliyense amafika, mukaone maina a anyamata olembedwa ndi makala pamwamba pa ntchito ya makolo. Mantha atachoka, malume adati, mlonda adachoka nawo, ndipo boma lilibe alonda okwana mapanga 127.

Mawu awo otsiriza adali owawa, ndipo adawanena akuyang'ana pansi. Adati m'zaka za m'ma 1920 amishoni, a ku Mua omwewo ali m'gulu, adalimbana ndi Nyau mwamphamvu, nakapempha boma la atsamunda kuti liiletse, ndipo mwambowo udapulumuka chifukwa chimodzi chokha, chakuti eni ake adadziwa kutseka pakamwa. Iwo adati amalemekeza Bambo Chisale chifukwa adakhala pansi zaka zambiri kufunsa eni mwambo m'chinenero chawo, nasandutsa malo a nkhondo kukhala malo a ulemu. Koma adati mtundu umene udapulumuka ndi chinsinsi usafulumizidwe kuchitaya chifukwa chakuti amene adafuna kuupha dzana lero abwera ndi mawu okoma.

Apa ndidayesa kuti mtsutso watha, pakuti dzuwa lidapendeka ndipo amayi adali atayamba kusonkha moto. Koma mlamu wanga adapempha kuti aponyepo kamodzi kokha, ndipo mwala umene adaponya ndi umene wakhala m'mtima mwanga. Iye adati: "Malume, ndamva, ndipo sindinyoza. Koma nkhope zimenezo zidapachikidwa kale. Mlendo wochokera ku Germany, wosameta, wosadziwa ngakhale kupereka moni m'Chichewa, amalipira pakhomo naziona zonse 400 tsiku limodzi, ndipo akafuna amagula buku la Bambo Boucher la 2012 lofotokoza tanthauzo la zilombo zambiri, napita nalo kwawo. Chinsinsi chimene mukuchilonda chatsekedwa kwa munthu mmodzi yekha, ndiye mwana wa m'mudzi mwanu amene saona." Adatinso bwalo limene malume adalitama silili lotseguka monga iwo aganizira, pakuti chilombo chikathamangira anthu ndipo khamu likabalalika, mayi woyendera ndodo amagwa napondedwa, chifukwa chake amayi otere amatsala kunyumba namvera ng'oma patali, ndipo mwana wachialubino, amene khungu lake silipirira dzuwa la mu Okutobala, sakhalitsa pabwalo lopanda mthunzi.

Ine pano ndionjezepo za kwa Angoni, kuti asayese wina kuti mlanduwu ndi wa Achewa okha. Chaka ndi chaka Angoni a kwa Maseko amasonkhana pa Umhlangano ku Nkolimbo, pafupi ndi manda a Inkosi Gomani Chikuse amene adaphedwa ndi atsamunda m'chaka cha 1896, ndipo kumeneko kulibe chinsinsi cha dambwe, aliyense ndi woitanidwa. Komabe ndikudziwa nkhalamba za kuno kuchigwa zimene zimasunga nyimbo za ngoma ndi mayendedwe a ligubo kuposa achinyamata onse ovala zikopa, zimene sizidapondeko ku Nkolimbo chiyambire mwambowo, chifukwa miyendo idatha ndipo palibe adaganiza zozitumizira galimoto. Pamalole amakwera amphamvu otha kulumpha. Eni nyimbo amatsala pakhonde, ndipo akamwalira timadandaula kuti mwambo ukutha.

Tsono ndinene maganizo anga, pakuti wolemba amene amangoyala mawu a ena osaonetsa pamene waima ali ngati nkhoswe yobwera pa mlandu kudzadya nsima yokha.

Ndiyesa kuti pa zitseko khumi zimene zimatsekereza munthu wa ku Bwanje ku chuma cha makolo ake, zisanu ndi zinayi sizidatsekedwe ndi mwambo, ndipo nkulakwa kwakukulu kulola kuti chitseko chimodzi chopatulikacho chikhale pobisalira pa zinazo. Palibe mzimu wa kholo umene udalamula kuti pakhomo pakhale makwerero m'malo mwa njira yotsetsereka. Palibe namkungwi adaletsa kuti pansi pa mawu a Chingerezi palembedwe Chichewa ndi Chiyao, kapena kuti pakhale pepala la zilembo za Braille, kapena kuti mmodzi mwa ofotokozera aphunzire chinenero chamanja, pamene ku Montfort ku Nguludi aphunzitsi a maphunziro apadera amasulidwa chaka ndi chaka. Khasu lachikale, nsengwa, chipande, chishango cha Mngoni, kaligo, mkangala, zonsezi zidapangidwa kuti zigwidwe, ndipo kuzitsekera zonse m'galasi ndi mwambo wa eni magalasi, si wathu. Ngati chenichenicho chili chofooka ndi ukalamba, amisiri osema alipo, a ku Mua omwewo ndi otchuka dziko lonse, asemenso china chonga icho kuti manja achidziwe. Ndipo ngati mwana wa ku Bwanje sangathe kupita kumene kuli zinthuzo, bokosi limodzi la zinthu zotere likhoza kukwera minibasi n'kuzungulira masukulu a m'chigwa muno pa mtengo wochepa kuposa wonyamula kalasi imodzi. Pa zonsezi mlamu wanga akhoza, ndipo malume sadamutsutse.

Koma pa chitseko chakhumicho ndaima ndi malume, ngakhale mtima wanga umawawa chifukwa cha mwanayo. Mwini kutsekula ndi mwini mwambo, osati mphunzitsi, osati wansembe, osati nduna ya boma kapena bungwe la kunja, pakuti ufulu wa mtundu wa anthu kunena kuti ichi nchopatulika ulinso ufulu, ndipo ukalandidwa m'dzina la chifundo walandidwabe. Maiko ena adaphunzira chimenechi mochedwa ndi mwamanyazi. Ku Australia nyumba zazikulu za zakale zidachotsa pamaso pa anthu zinthu zopatulika za eni dziko, nkuziika m'zipinda zimene amalowamo okhawo ololedwa ndi akuluakulu a mitunduyo, ndipo ku America lamulo la 1990 lidalamula kuti zinthu zopatulika ndi mafupa a makolo zibwezedwe kwa eni ake. Kumeneko kusapatula munthu kudatanthauzanso kumvera mwini chinthu pamene akuti ayi. Nyumba ya zakale imene imalowetsa aliyense koma osafunsa amene zinthu zake zili m'katimo yapatulabe munthu, ndipo yapatula mwini nyumba.

Komabe kuima ndi malume sikuwamasula ku funso la mlamu wanga, ndipo ndidawauza chomwecho pamaso. Ngati eni mzinda adalola, kapena adangokhala chete, kuti maso a mlendo aone, ayenera kukhala pansi ndi kuweruza chimene chili chofanana ndi kuona kwa munthu amene alibe maso. Mwina adzati chosema chimene sichidapite kudambwe, chosemedwa dala kuti chiphunzitse, si chilombo ndipo chikhoza kugwidwa. Mwina adzati ngakhale chimenecho ayi, koma wosaona afotokozeredwe ndi pakamwa zonse zimene mkazi aliyense amaona pabwalo. Mwina adzakumbukira kuti mwambo womwewo uli ndi njira yolowetsera mnyamata wosaona akafika msinkhu, ngati iye ndi makolo ake afuna. Chimene sindingavomere ndi chakuti funsolo lisafunsidwe konse, pakuti Achewa ali ndi mabwalo okambirana, kuyambira kwa nyakwawa kufikira ku Mkaika kumene mafumu a maiko atatu amakapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi mwezi wa Ogasiti, ndipo mwambo umene udatha kulandira galimoto, ndege ndi mzungu wofiira Simoni m'gulu la zilombo zake sungalephere kupeza malo a mwana mmodzi wosaona.

Ulendo wa ku Mua sudachitike chaka chimenecho, pakuti mwa ana 60 a m'kalasimo amene adabweretsa ndalama ya galimoto sadakwane 20, ndipo aphunzitsi adakana kutenga ochepa ndi kusiya ambiri. Koma patapita masabata awiri malume adatuma mwana kukaitana mlamu wanga kuti abwere ndi mnyamata uja. Tidawapeza atakhala pamphasa pansi pa mtengo wa bwemba, pambali pawo pali ng'oma zitatu zimene amaimba poyera pabwalo. Adagwira manja a mwanayo nawayendetsa pa mbalule, kuyambira pa zikhomo zokokera chikopa kufikira pa phula la pakati, namuuza chifukwa chake ng'omayo amaiwamba pamoto isanalire, ndi m'mene woyimba amatsatira mapazi a chilombo osati chilombo kutsata iye. Mwanayo adaimenya kamodzi, nasekerera, nafunsa kuti, "Agogo, nanga Chadzunda nkhope yake njotani?"

Malume adakhala chete kanthawi. Kenaka adamufotokozera pang'onopang'ono zimene aliyense woima pabwalo amaona: kuda kwa nkhopeyo, makwinya a pamphumi, mano otsala owerengeka, ndevu zaimvi, ndi kutsimphina kwa nkhalamba imene ikafika pakati pa bwalo imavina koposa anyamata. Mwanayo adakweza dzanja nagwira makwinya a pamphumi pa malume eni ake, nafunsa ngati ali otero, ndipo iwo sadachotse dzanjalo, adati ali otero koma ozama kuposa apa. Za kugwira chosema adati sangayankhe okha, adzakaitula nkhaniyo kwa akuluakulu anzawo a mizinda yoyandikana nafe akadzakumana pa chiliza cha mfumu ina chimene chikukonzedwa chilimwe chino, ndipo adapempha mlamu wanga kuti alembe pempholo papepala m'Chichewa, kuti pokalinena asakaiwale mawu ena.